Abusa amene anandibatiza anawachotsa pa udindo, kodi ubatizo wanga udakalipo?

Nachisale wa ku Dowa

Abale anga, ndithandizeni. Ndinabatizidwa ndili ndi zaka 16, mumtsinje, m'madzi ozizira a mwezi wa Juni, ndipo mpaka lero ndimakumbukira dzanja la abusa aja pamutu panga. Chaka chatha zinaululika kuti nthawi yonseyo anali ndi mkazi wina m'tauni, komanso ankadya ndalama za chopereka. Anawachotsa. Tsopano azakhali akuti ndikabatizidwenso kumpingo kwawo, ati wamatope sangasambitse mnzake. Kalata ya ubatizo ili m'Baibulo langa, siginecha yawo ili pomwepo, ndikaiona mtima umangoti mya. Kodi zoterezi zinachitikapo kale mumpingo?

Katekisiti Wopuma

Mayi Nachisale, funso lanuli linang'amba mpingo wa kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100. Mu 303 mfumu ya Roma, Diocletian, inalamula kuti Akhristu apereke mabuku opatulika kuti atenthedwe. Ena anakana n'kuphedwa, ena anapereka. Chizunzo chitatha, ku Carthage, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia, anadzoza Caecilian kukhala episkopi. Pomwepo mkangano unabuka: akuti Felix, amene anamusanjika manja, anali mmodzi mwa opereka mabuku aja. Maepiskopi ngati 70 ochokera ku Numidia, dera loyandikana nalo, anakana kudzozako n'kuika wawo, Majorinus, ndipo iye atamwalira analowa Donatus. Kuyambira pamenepo tauni imodzi inkakhala ndi maepiskopi awiri. Munthu akachoka kwa Caecilian kupita kwa Donatus ankamubatizanso, ndendende zomwe akunena azakhali anu.

Panalinso za umunthu, monga mwa masiku onse. Mayi wina wolemera, Lucilla, ankapsompsona fupa la munthu wofera chikhulupiriro asanalandire Ukaristiya, ndiye Caecilian akadali dikoni anamudzudzula. Mayiyo anasunga mangawa, chuma chake n'kupita ku mbali inayo.

Amene anayankha mwamphamvu ndi Augustine, episkopi wa ku Hippo. Iye anagwira mawu a pa Yohane 1:33 nati: abatize Petro, abatize Paulo, abatize ngakhale Yudasi, wobatiza weniweni ndi Khristu. Mtumiki ali ngati ngalande yamiyala, madzi amadutsa n'kukafika kumunda ngakhale mwalawo sumera kanthu. Ine ndaphunzitsa zimenezi zaka zambiri, ndipo ndikuti musabwerere kumtsinje.

Mphunzitsi wa Fomu 3

A Katekisiti, mwafotokoza bwino, koma mwawapondereza a mbali ya Donatus. Kubatizanso sanakupeke okha. Cyprian, episkopi wa ku Carthage yemweyo amene anadulidwa mutu mu 258, ankaphunzitsa kuti ubatizo wa kunja kwa mpingo woona si ubatizo, ndipo anakangana ndi Stephen, episkopi wa ku Roma, pa zimenezi. Taganizaninso, m'bale wanu wafa chifukwa chokana kupereka Baibulo, mawa amene anapereka uja akuima kuguwa. Mungakhale chete?

Komanso mbali ya Augustine sinapambane ndi mavesi okha. Poyamba iye ankakana zokakamiza anthu, kenako anasintha ataona kwawo ku Thagaste anthu atasiya mbali ya Donatus chifukwa choopa malamulo a mfumu. Anayamba kutchula Luka 14:23, pamene mbuye akuuza kapolo kuti aumirize anthu alowe. Mu 411 kunali msonkhano ku Carthage, maepiskopi oposa 500 a mbali zonse ziwiri, woweruza wake Marcellinus, munthu wa boma. A mbali ya Donatus anakana ngakhale kukhala pansi pamodzi ndi anzawowo. Anawagamula kuti alakwa, kenako kunabwera zindapusa ndi kulandidwa matchalitchi. Donatus mwini wake anali atafunsa kale kuti mfumu ili ndi chiyani ndi mpingo, ndipo funso limenelo ine ndimaliona kuti ndi lolemera mpaka lero.

Katekisiti Wopuma

Aphunzitsi, za kuumiriza zija sindingazitetezere. Koma a mbali ya Donatus nawonso sanali nkhosa. Magulu awo achiwawa otchedwa Circumcellion ankayenda ndi zibonga, ndipo anathira ansembe ena laimu wosakaniza ndi viniga m'maso. Ku Hippo komweko, episkopi wa mbali ya Donatus analetsa anthu ake kuphikira buledi a mpingo winawo, moti wophika buledi wina anakana kuphika wa dikoni, mwini nyumba imene iye ankachita lendi. Chiyero chikafika pomana mnzako chakudya, ine chimandiopsa.

Nachisale wa ku Dowa

Zikomo nonse. Za buledizo zandiseketsa, chifukwa azakhali anasiyadi kutitumizira nyemba chiyambireni nkhaniyi. Sindibatizidwanso. Koma kunena zoona, Aphunzitsi, Lamulungu lapitali nditaona mpando umene ankakhala abusa aja, ndinawamvetsa anthu a ku Numidia. Loweruka ndikupita kwa azakhali, ndikawawerengere za ngalande ija. Kaya akandimvera.