Mbuna ndi neon tetra m'thanki imodzi?

Wa ku Joni:
Akuluakulu, ndagula thanki yosungiramo nsomba ya malita 400 kuno ku Johannesburg. Ndikufuna kuikamo mbuna, nsomba za kwathu za m'nyanja ya Malawi, koma mwana wanga wamkazi wakakamira tinsomba totchedwa neon tetra ndi zomera. Zingakhale pamodzi?

Mlamba77:
Achimwene, musayese. Neon ndi ya ku Amazon, imakonda pH (muyeso wa asidi m'madzi) yotsika, cha m'ma 6. Mbuna zimafuna 7.8 kapena kuposerapo, monga m'nyanja yathu. Komanso mbuna n'zaukali, tinsomba timeneto tidzangounjikana pakona mpaka kutha.

Namadzi:
Za zomerazo, mbuna zinazolowera kupala ndere pamiyala, ndiye masamba ofewa zimang'amba, mchenganso zimakumba usiku ndi usana. Zomwe zimapirira ndi Anubias ndi Java fern. Koma musazikwirire, tsinde lake limaola. Ine ndinazimangirira pamwala ndi ulusi wakuda, mizu inagwira yokha. Vallisneria amamera m'nyanja momwemo, ingopanikizani mizu yake ndi timiyala.

Mlamba77:
Yambani ndi mbuna zotchedwa Labidochromis caeruleus, zachikasu zija za ku Lion's Cove kufupi ndi Nkhata Bay, n'zofatsirako. Yaimuna imodzi, zazikazi zitatu kapena zinayi. Miyala muiunjike, mapanga achuluke.

Wa ku Joni:
Zikomo nonse. Mwanayu ndimugulira kathanki kakekake ka ma neon.