Pemiti ya asilikali kuti wodwala khansa akafike kuchipatala

NachisaleBT: Abale ndithandizeni, ndamva zoti ku West Bank ndi ku Gaza munthu wodwala khansa amayamba wapempha pemiti kwa asilikali a Israel kuti apite kuchipatala, nzoona zimenezi? Mayi anga anadwalapo khansa ya khomo la chiberekero, ndikudziwa mmene kudikira kumawawira, nde nkhaniyi yandisowetsa tulo

Bambo_a_Tadala: Nzoona achemwali. Maderawa Israel inawalanda pa nkhondo ya 1967. Chipatala chomwe ma Palestine amadalira pa makina ootchera khansa aja a radiotherapy ndi Augusta Victoria, cha a Lutheran, chili pa Phiri la Azitona ku East Jerusalem, koma uko sungangolowa opanda pemiti, umalemba kalata, nkudikira, nthawi zina tsiku lokaonana ndi dokotala limadutsa yankho lisanabwere ndiye uyambirenso. Chomwe chimandipweteka kwambiri ineyo ndi cha ma ambulansi, ambiri saloledwa kudutsa pa rodibuloko, wodwala amamutsitsa pa sitirecha nkumukweza mu ambulansi ina ya mbali inayo, munthu ali pa diripi.

Kondwani77: Komatu tisaiwale za pa 7 Okutobala 2023, a Hamas, gulu la zida la ku Gaza, anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel. Mphwanga ali ku famu ku Israel, amati anthu kumeneko amakhala mwamantha heve.

Mai_Nasi: Achimwene a Kondwani, zimene anachita a Hamas zija nzoipa, palibe akukana. Koma pangano la Geneva lachinayi la 1949, gawo 56, limati dziko lolamulira dera la eni ndi asilikali ndi lomwe liyenera kuonetsetsa kuti zipatala zikuyenda. Mwana wa zaka zisanu wodwala khansa ya m'magazi walakwa chani? Ana ena a ku Gaza ankapita ndi agogo awo poti amayi awo awakaniza pemiti, ine ndine namwino, mwana akamalandira kemo, mankhwala amphamvu a khansa aja, amasanza usiku onse akuitana amake, osati wina. Ndipo chipatala cha khansa cha ku Gaza, cha Turkish-Palestinian Friendship, chinasiya kugwira ntchito mu Novembala 2023 mafuta a jenereta atatha. Khothi lalikulu la United Nations, la ICJ, mu Julaye 2024 linanena kuti kukhala kwa Israel m'maderawa nkosemphana ndi malamulo.

NachisaleBT: Zikomo mayi. Mayi anga ndinkawagwirira beseni ndekha pa kemo yonse, sindikanalola munthu wa mfuti andiuze kuti tsalani panja.