Gulu la banja: za manjano ndi matenda a Amayi

Achemwali (Santhe): Mwaswera bwanji nonse. Amayi alowa sabata yachitatu akumwa fluoxetine wa 20 mg uja, mankhwala a matenda okhumudwa, koma tulo sakugonabe bwino, nsima akungonyema pang'ono. Anthu kuno akuti tisiye mapilisi, tiziwapatsa manjano (turmeric), akuti amachiza matendawa. Titani?

Malume: Mapilisi asasiye, chonde. Fluoxetine sagwira msanga, pamatenga masabata 2 mpaka 4, ena mpaka 6, kuti munthu aone kusintha. Akadzayamba kupeza bwino adzamwabe miyezi ina 6, apo ayi matenda amabwerera. Azimwa m'mawa, chifukwa usiku amathawitsa tulo.

Achimwene (Lilongwe): Zoona malume. Komabe za manjanozi zili ndi pochokera. Muli curcumin, amene amapereka mtundu wachikasu uja. Mu 2014 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku India ndi ku Australia: odwala pafupifupi 60 kulikonse, 1,000 mg pa tsiku kwa masabata 6 kapena 8, ndipo ena anapezako bwino. Koma anthuwo anali ochepa, nthawi yakenso yaifupi. Ndiye pali nkhani ya muyezo. Mu ufa wa manjano curcumin amakhala magawo atatu okha pa 100 alionse. Supuni ya tiyi imanyamula magalamu pafupifupi 3, curcumin wake sakwana ndi 100 mg yomwe. Kuti mufike 1,000 mg ndi masupuni opitirira 10 pa tsiku, ndipo wambiri amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi. Amayi angotsegula nawo m'mimba.

Mlamu (Mchinji): Makapisozi a curcumin a m'mafamase nawonso tisathamangire. Ambiri amathiramo piperine wa mu tsabola wakuda kuti curcumin alowe m'magazi, ndipo amatha kulowa kochuluka maulendo 20. Apa ndi pamene chiwindi chimavutika. Ku Italy mu 2019 anthu angapo anatupa chiwindi atamwa makapisozi otere. Zizindikiro zake ndi maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kuyabwa thupi ndi nseru. Chachiwiri, curcumin amachedwetsa magazi kuundana, fluoxetine nayenso amatero pang'ono, ndiye kuonjezerapo aspirin ndi kuputa ngozi. Wa miyala m'ndulu asayandikire n'komwe, wa mankhwala a shuga afunse kaye. Achemwali, Amayi akumwanso china?

Achemwali (Santhe): A BP okha, mlamu, ndi Panado msana ukavuta.

Achimwene (Lilongwe): Ndiye manjano alowe mu ndiwo basi, ngati chokometsera. Theka la supuni ya tiyi, mukazinge m'mafuta ndi anyezi musanathire tomato, chifukwa curcumin amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Mugule mizu yake, mutsuke, muwiritse mphindi 45, muyanike mpaka iziti phwa mukathyola, kenako musinje nokha. Ufa wosadziwika kochokera ndimauopa. Ku Bangladesh anapeza ogulitsa akuthiramo utoto wa mtovu kuti uoneke wowala.

Malume: Mwanena bwino adzukulu. Ine chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala a fodya ndi a chimanga amene ali m'nyumbamo, ndi tameki ngati alipo. Atuluke lero, akasungidwe kwina pa loko. Mapilisi muzisunga inu a ku Santhe, muziwapatsa limodzi patsiku. Muwafunsenso mosazungulira ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Akavomera, musadikire tsiku la sikelo yawo, kuchipatala tsiku lomwelo.

Mlamu (Mchinji): Lachinayi ndidzawaperekeza ine ku chipatala chachikulu cha Kasungu. Mukonze buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse. Za curcumin ndikafunsa adokotala konko, akakana ndiye zatha.

Malume: Aliyense K10,000 ya ulendo pofika Lachiwiri, pa Airtel Money kapena Mpamba ya achemwali anu. Kuimba foni tigawane: ine Lolemba ndi Lachisanu, a ku Lilongwe Lachitatu ndi Loweruka, mlamu Lamulungu. Masiku otsalawo achemwali anu ali pompo.

Achemwali (Santhe): Zamveka malume. Mankhwala a fodya ndikuchotsa pompano, mizu ya manjano ndikayang'ana pa msika mawa.