Mmbulu umene Tiberius anaugwira makutu unali uti?

Abale amene mumawerenga mbiri ya Aroma, tathandizanani nane pa mwambi uwu. Suetonius, wolemba mbiri wachiroma, m'mutu 25 wa mbiri ya moyo wa Tiberius, mfumu yachiwiri ya ufumu wa Roma, akuti mfumuyo inkanena kawirikawiri kuti yagwira mmbulu makutu, pa Chilatini lupum auribus tenere. Mawuwa akuwaika pa nthawi imene Augustus, mfumu yoyamba, anali atangomwalira ku Nola mu Ogasiti chaka cha 14 Yesu atabadwa, Tiberius n'kumazengereza kuvomera ufumu pamaso pa Senate, bwalo la akuluakulu a Roma.

Mwambiwu sanaupeke ndi Tiberius. Ulipo kale m'sewero la Terence lotchedwa Phormio, la m'chaka cha 161 Yesu asanabadwe, ndipo mnyamata amene akuunena akuumasulira yekha: chilombocho sakudziwa mochitayira, sakudziwanso mopitirizira kuchigwira. Tisausokoneze ndi wa pa Miyambo 26:17 wogwira galu makutu. Uja akunena munthu wolowerera ndewu ya eni, pomwe Tiberius nkhaniyi inali yakeyake.

Chimene chandiimitsa mutu n'chakuti mmbuluwo ndi ndani. Suetonius akutchula zoopsa zitatu: Clemens, kapolo wa Agrippa Postumus (mdzukulu wa Augustus amene anaphedwa), amene anasonkhanitsa gulu kuti alipsire imfa ya mbuye wake, Scribonius Libo, amene ankakonzera Tiberius chiwembu, ndi asilikali amene anagalukira ku Illyricum ndi ku Germania. Koma mukatsegula Annales, buku la Tacitus, wolemba mbiri wina, mlandu wa Libo ndi kugwidwa kwa Clemens zili m'chaka cha 16, patapita zaka ziwiri. Suetonius ndi wotero, amaunjika nkhani zofanana malo amodzi osasamala kwenikweni za zaka. Tikachotsa awiriwo patsala asilikali. Ku mtsinje wa Rhine kunali magulu ankhondo 8 pansi pa Germanicus, mwana wa mng'ono wake wa Tiberius, ndipo ena mwa ogalukirawo anamuuza kuti atenge ufumu iyeyo, iye n'kukana. Tacitus nayenso akuti chimene Tiberius ankaopa kwambiri chinali Germanicus ndi asilikali akewo.

Ine mtima wanga sukukhazikika pa asilikali okha. Kugalukirako kunazima chaka chomwecho, ku Pannonia, dera la Illyricum, kadamsana wa mwezi atawaopseza, pamene Suetonius akuti mawuwa ankanenedwa kawirikawiri. Ndikuona ngati mmbuluwo ndi ufumu weniweniwo. Tiberius anali atalawapo kale kutula pansi udindo: m'chaka cha 6 Yesu asanabadwe anasiya zonse n'kupita pa chilumba cha Rhodes, kenako atafuna kubwerera Augustus anamukaniza, mpaka anadzabwera m'chaka cha 2 Yesu atabadwa. Kumeneko anafika poopera moyo wake. Munthu wotere ankadziwa kuti amene wayandikira mpando umenewu sangabwerere kukakhala munthu wamba ali ndi moyo. Mnzanga wina akuti mmbuluwo ndi mzinda wa Roma, poti nthano imati Romulus ndi Remus anayamwa mmbulu. N'zokoma kumva, koma ndikuona ngati tikuukakamiza mwambiwo, chifukwa kwa Terence ukunena za mnyamata amene wakwatira bambo ake osadziwa.

Pali china chimene chikundivuta kuposa apa. M'mutu 24, Suetonius yemweyo akunena kuti kukana kwa Tiberius kunali sewero lopanda manyazi, popeza asilikali omulondera anali atawatenga kale. Mutu wotsatira akuti ayi, anali mantha enieni. Analemba zimenezi cha m'ma 120, Tiberius atamwalira kalekale m'chaka cha 37, ndiye n'kutheka kuti anatola nkhani kwa alembi awiri osagwirizana n'kungoziika moyandikana.

Ndiye inu mumaumva bwanji? Pamene Tiberius ankati wagwira mmbulu makutu, ankaulula mantha ake, kapena mwambiwo unali mbali ya sewero lija, lakuti a m'Senate amuchonderere? Amene munawerenga buku 57 la Cassius Dio, wolembanso mbiri ya Aroma, tatiuzeni mbali imene iye anaima.