Kodi Roundup angathandize pa udzu wa m'mbali mwa msewu?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Mvula ikangoyamba, nsenjere ndi kapinga zimatseka ngalande ndi zikwangwani za pamsewu, moti pokhota suona galimoto ikubwera. Ukatchetcha ndi chikwakwa, pakatha masabata atatu udzu wabwereranso. Mankhwala opha udzu a Roundup angathandize? Muyezo wake ndi wotani?

Yankho loyamba: Angathandize achimwene, koma musapopere udzu wautali. Yambani mwatchetcha, dikirani uphukenso ufike masentimita 15 kapena 20. Glyphosate, amene ndi mankhwala a mu Roundup, amalowera m'masamba obiriwira n'kutsikira ku mizu, ndiye amafuna udzu umene ukukula. Roundup wolembedwa 360 g/L (magalamu 360 a glyphosate pa lita imodzi), ambiri amathira mamililita 150 mpaka 200 mu sipuleya ya malita 16. Kapinga ndi nansongole zimafuna muyezo wa mamililita 200. Werenganinso pabotolo, mphamvu zimasiyana.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi dothi. Madzi amatope otunga m'ngalande amapha mphamvu ya mankhwalawa, chimodzimodzinso fumbi la magalimoto limene lakuta masamba. Poperani tsiku lotsatira mvula itatsuka masamba, ndipo pakhale maola 6 isanagwenso. Udzu umayamba kuchita chikasu pakatha masiku 7 mpaka 10, musafulumire kubwereza.

Yankho lachiwiri: Muyezo ndi womwewo, koma chonde musaphe udzu wonse! Mizu ya kapinga ndiyo imagwira dothi. Mukasiya poyera, madzi amakokolola m'mphepete, matope amadzaza m'makalavati, phula n'kuyamba kunyotsoka. Poperani mozungulira zikwangwani, pakamwa pa kalavati ndi zitsa za nsenjere basi. Potsetsereka ndi m'ngalande zadothi, chikwakwa chomwecho. Ngati vuto ndi chisoso ndi zina za masamba aakulu, mankhwala ena otchedwa 2,4-D amapha zimenezo n'kusiya udzu, kungoti ndi woopsa pafupi ndi thonje, fodya ndi tomato.

Yankho lachitatu: Kumbukiraninso kuti anthu amalima chimanga mpaka m'mphepete, ndipo Roundup sasankha. Poperani m'mawa kulibe mphepo, nozo (kamwa la sipuleya) ikhale mmunsi, osapopa mwamphamvu, chifukwa timadontho tating'ono ndi timene timauluka. Dziwitsani amfumu kuti amayi asathyole bonongwe pamenepo ndiponso ana asadyetsepo mbuzi. Valani magolovesi, majombo ndi chotseka pamphuno. Botolo litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako liboweni kuti wina asasungiremo mafuta ophikira. Ndipo msewu uli ndi eni ake: musanayambe, funsani kaye ku khonsolo kapena a Roads Authority.