Zipolopolo za .458 za kampani ya mdala uja zikuchedwa kulira, ndipange bwanji?

Wa ku Hoedspruit:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Lachisanu sabata ya mawa ndili ndi ARH (mayeso a kagwiritsidwe ka mfuti a ife ma guide), satifiketi yakale ija yatha, ndipo popanda iyo sindingayendenso ndi alendo pa trail. Abwana a pa loji akuti zipolopolo zatsopano za .458 zakwera mtengo kwambiri, ndiziyeserera ndi zakale zimene zili m'sefa. Ndatsegula sefayo ndapeza mabokosi 6 a khaki aja, a mdala uja ankadzaza zipolopolo mu shedi kuseri kwa nyumba yake. Kampani yake inatsekedwa kale. Amene munagwirako kuno ku Lowveld ku South Africa mukuwadziwa mabokosiwo, chidindo chofiira pamwamba, "500 gr solid" (kulemera ndi mtundu wa mutu wa chipolopolo) atalemba ndi bolopeni. Deti palibe, dzina la wonga palibe.

Dzulo ndinapita nazo ku range. Pa 10 zimene ndinawombera, 7 zinalira bwinobwino. Chimodzi ndakoka trigger, kwangomveka kuti tike, zii, kenaka phuu, mfuti nditayamba kale kuichotsa paphewa. China chinalira mofooka ngati .308, n'kugunda m'munsi mwa target pa mamita 15 okha. China bolt, chotsekera chipolopolo mu mfuti, inakanirira mpaka ndinachita kuimenya ndi chikhatho. Mfuti ndi Brno 602 ya pa loji, sinandivutitsepo chiyambire.

Pali njira yosankhira zabwino pa mulu umenewu? Alipo akukumbukira wonga umene mdala uja ankaika? Chonde musangoti kagule zatsopano, chikwama si changa.

Madala a ku Phalaborwa:
Mwana wanga, zipolopolo za bambo amene uja musazinyoze. Ine ndayenda nazo m'tchire zaka zambiri, sizinandinamizepo ngakhale kamodzi. Ndinkapita ndekha ku shedi kwake. Munthu ankayeza wonga wa chipolopolo chilichonse pa sikelo, mkazi wake ali pambali kupukuta makesi (zigoba za zipolopolo) ndi kansalu, akamaliza ankayesa chimodzichimodzi mu gauge asanatseke bokosi. Vuto lili pa mfuti yanuyo. Masulani bolt, muone mafuta ouma mkati ndi spring ya firing pin. Ikatopa spring imamenya primer (koyatsira wonga kaja) mofooka.

Mlongo wa ku Sabi Sand:
Achimwene, choyamba siyani kuwombera zimenezo lero lomwe. Chija chinalira mofookacho, munasuzumira mumpope wa mfuti musanaike china? Tsiku lina mutu wa chipolopolo udzatsakamira pakati pa mpope, inu n'kutumiza china pambuyo pake, mfuti idzang'ambikira kumaso kwanu. Komanso chikangoti tike osalira, mfuti ikhale cholozera ku target, werengani masekondi 30 musanakhudze bolt. Mukatsegula msanga chikhoza kuphulikira m'manja.

Wa ku Hoedspruit:
Achemwali ndinasuzumira, munali mowala bwinobwino. Madala, bolt ndinaimasula mwezi watha, ndi yoyera. Pa primer ya chochedwacho firing pin inalowa mozama ngati pa zinzake zonse.

Wa ku shopu ya mfuti, Nelspruit:
Ine ndimagwira kumbuyo kwa gunsmith, makatoni ngati amenewo amabwera kuno pafupipafupi anthu akamakonza m'masefa a makolo awo. Kunena mosabisa, njira yosankhira palibe. Ena amati aziyeza kulemera kwake pa sikelo, koma mdala uja ankagwiritsa makesi osakaniza, ena PMP, ena Winchester, ena Norma, malinga ndi amene makasitomala amubweretsera. Makesi okhawo amasiyana kulemera, ndiye sikelo sikuuzani kanthu za wonga. Kugwedeza pakhutu nakonso n'kutaya nthawi, chifukwa mu .458 Win wonga umakhala wopanikizika, suchita phokoso kaya ndi wabwino kaya wawonongeka.

Ndipo nkhani yagona pomwepo. Kesi ya .458 Win ndi yaifupi, mainchesi 2.5 basi, ndiye kuti mutu wa 500 gr uthamange bwino amachita kudzaza wonga mpaka pakhosi, mutu n'kuupsinja. Wonga wa timibulu tating'onoting'ono tija ukakhala chopsinjika zaka zambiri, pamalo otentha, umagwirana n'kukhala chibuma. Primer ikayaka, moto sulowa mofanana. China chimachedwa, china chimapsa theka, china chimakwera mphamvu mpaka bolt kukanirira. Zitatu zonse mwatchulazo ndi matenda amodzi. Tinakankhulapo chimodzi kuno, wonga unakana kutuluka, tinachita kuutokosa ndi kamtengo, unatuluka ngati chigumu chouma.

Madala a ku Phalaborwa:
Za chibumazo ndi za Winchester akale a m'ma 1960, osati za bambo uja. Iye ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake sankathamangitsa zipolopolo zake kwambiri. Ndikubwerezanso, sinthani spring. Spring ndi yotchipa kuposa bokosi limodzi la zipolopolo.

Scout wa ku Mfuwe:
Moni nonse kuchokera ku Luangwa. Kuno ife pa walking safari guide satenga mfuti, amene amanyamula ndi scout wa boma woyenda kutsogolo, kuyambira nthawi ya a Norman Carr, amene anayambitsa ma walking safari kuno, ndi momwemo. Zipolopolo za mdala wanuyo sindinazione, koma zakale zochedwa kulira ndikuzidziwa. Chaka china mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, tinaitanidwa kumudzi kuti mvuu yovulala ikuvutitsa asodzi. Mnzanga amene ndinali naye anali ndi zipolopolo zimene zinakhala m'thumba la lamba wake nyengo zingapo, mvula ndi thukuta zonse zikuthera pomwepo. Mvuu inatuluka m'bango pafupi kwambiri. Anakoka, tike. Iye poti anaphunzitsidwa kuti zikatero ukoke bolt msanga, anakoka, chipolopolo chinagwera pa mchenga. Chachiwiri ndi chimene chinalira. Titabwerera kukachitola tinapeza pakhosi pa kesi pali dzimbiri lobiriwira kuzungulira. Mpaka lero ndimaganiza kuti chikanakhala chongochedwa, osati chakufa, chikanaphulika bolt ili yotsegula. Mnzangayo usiku umenewo sanadye.

Mlongo wa ku Sabi Sand:
Apa ndi pamene pandiopsa ine. Pa ARH pomwepo pali drill ija amakuikira dummy (chipolopolo chosalira) pakati pa zamoyo, ikati tike iwe ukoke bolt nthawi yomweyo n'kupitiriza. Manja athu anazolowera zimenezo, ndipo ayenera kuzolowera, chifukwa njati sikudikira masekondi 30. Ndiye mukamayeserera drill imeneyo ndi zipolopolo zochedwa kulira, mukuika moyo pa chiswe. Mukati muzidikira, mukuphunzitsa manja anu ulesi umene udzakuphetseni m'tchire. Mbali zonse ziwiri mwaluza. Zimenezo sizoyenera ngakhale ku range.

Wa ku Hoedspruit:
Ndikumva achemwali. Koma ndiyeserera ndi chiyani? Target ya mkango yothamanga ija imandivuta, ndikufuna ndiwombere ngakhale 20 tsikulo lisanafike. Nanga nditapempha munthu akankhule zonse, asefe wonga, adzazenso?

Wa ku shopu ya mfuti, Nelspruit:
Ayi achimwene, wonga umene simukuudziwa dzina subwereranso mu kesi. Kuuyang'ana ndi maso sikungakuuzeni mtundu wake, ambiri amafanana. Ukatsegula n'kumva fungo lowawa lobaya m'mphuno, kapena kuona kafumbi kofiirira, ndiye kuti wayamba kuwola, ndipo umadya kesi kuchokera mkati. Kunja kesi ikhoza kuoneka yonyezimira. Mitu yokha ndi imene ingapulumuke, mwina ndi makesi ena gunsmith akawaona bwino.

Kumbukiraninso lamulo. Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomwe ili pa laisensiyo. Kudzazira munthu wina kapena kugulitsa pamafunika laisensi ya opanga. Mdala uja anali nayo, n'chifukwa chake ankagulitsa poyera. Mnzanu wa pa galaja alibe. Mfutiyo ndi ya kampani, inu ndi mlendo m'dziko muno, zikavuta woyamba kufunsidwa ndi inu. Mabokosiwo abwana anu awatengere kwa dealer wa laisensi kapena afunse kwa DFO, wapolisi woyang'anira za mfuti, ku polisi. Musakataye kudzala, musawotche, musakwirire.

Madala a ku Phalaborwa:
Ana inu mukufuna kutayitsa zipolopolo 110 zabwinobwino. Ine ndidakali ndi bokosi limodzi la bambo yemweyo, chaka chatha ndinawomberapo zitatu, zonse zinalira ngati bingu. Ndi zipolopolo zimenezi ndinaimitsa njovu yaikazi m'mitengo ya tsanya, alendo anayi ali kumbuyo kwanga, mmodzi mayi wachikulire atagwira malaya anga. Munthu amene anandipangira chipolopolo chimenecho sindingamulole kuti anyozedwe. Yesani zipolopolozo mu mfuti ina muone ngati zichedwe.

Mlongo wa ku Sabi Sand:
Madala, palibe akunyoza malemuwo. Tonse tikudziwa kuti ntchito yawo inali yaukhondo. Ine .375 yanga yoyamba ndinaphunzirira zipolopolo zawo, ndipo ankatipatsa pa ngongole ife ophunzira mpaka mwezi uthe, makesi tikabweza ankatichotserako mtengo. Koma bokosi lanu lakhala m'kabati m'nyumba mozizira. Za pa lojizo ndani akudziwa? Mwina zinakhala zaka pa dashboard ya Land Cruiser, kulowa m'magazini m'mawa, kutuluka madzulo, kenaka wina n'kuzibwezera m'bokosi.

Wa ku Hwange:
Zimenezo n'zoona. Kuno ku Zimbabwe akuluakulu amene anatiphunzitsa ankati zipolopolo zoyenda nazo uzisintha nyengo iliyonse, zakalezo uzimalizire ku range zisanakalambe. Onaninso kutalika kwake, muziimike pa tebulo mondandalika. Chimene chakhala pansi m'magazini nthawi yaitali chimamenyedwa ndi recoil, mutu umalowa mkati ngati crimp yougwira pakhosi pa kesi yafooka, ndipo mphamvu imakwera. Zina wonga wopsinjika uja umakankha mutu kutuluka, bolt n'kukana kutseka nthawi imene ukuifunitsitsa.

Nkhani ya .458 Win ndi yakale. Inatuluka mu 1956, ndipo mu 1959 mlenje wa ku America Jack Lott anavulazidwa ndi njati ku Mozambique atanyamula yomweyi. Ndi chimene chinamupangitsa kukonza .458 Lott, kesi ya mainchesi 2.8, kuti wonga upeze malo osachita kupsinjidwa. Brno 602 ili ndi action yaitali, ambiri kuno anaziboola kukhala Lott, ndipo ikatero imadyabe zipolopolo za Win zikasowa zinazo.

Scout wa ku Mfuwe:
Lott imamenya phewa koopsa akulu. Ine ndi thupi langali ndimakonda .375 H&H, chipolopolo chachiwiri chimatuluka msanga. Yakhalapo kuyambira 1912 ndipo njovu sizinasinthe.

Wa ku Hwange:
Pa mamita 10 m'tchire lowirira la jesse la ku Zambezi mudzaifuna 500 gr achimwene. Koma zoona, mfuti imene munthu akuiopa ndi yoipa kuposa yaing'ono.

Wa ku shopu ya mfuti, Nelspruit:
Amene mumafunsa za wonga, mdala uja ankagula wa Somchem ngati wina aliyense kuno, koma nambala yake ya .458 sankauza munthu, inali m'kabuku kake kakuda. Anthu ambiri odzaza zipolopolo anavutika fakitale yopanga wonga wa Somchem ya ku Somerset West itaphulika mu Seputembala 2018, pamene anthu 8 anamwalira. Pambuyo pake wonga unasowa m'mashopu kwa nthawi yaitali, anthu n'kuyamba kusinthira ku wochokera kunja. Koma shedi ya mdala uja inali itatsekedwa kale nthawi imeneyo, maso anali atayamba kumuvuta, ana ake sanafune ntchitoyo. Makina ake anagulitsidwa chimodzichimodzi. Press yake yobiriwira inadutsa pa shopu pano, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja lake. Ndiye werengani nokha zaka za mabokosi anuwo.

Madala a ku Phalaborwa:
Kabuku kakuda kaja ndinakaona ndi maso anga. Munthu wolemba chilichonse chotero sangapange chipolopolo chochedwa. Spring, mwana wanga. Ndanena katatu tsopano.

Mlongo wa ku Sabi Sand:
Achimwene a ku Hoedspruit, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani kwa abwana ndi makesi atatu aja m'manja, muwaonetse, muwauze kuti mfuti yomweyo ndi imene imateteza alendo awo. Muwalembere pa foni kuti pakhale umboni woti munanena. Zoyeserera, tengani ma dummy muzikoka bolt madzulo aliwonse mpaka dzanja lizichita lokha, zimenezo sizidya ndalama. Zamoyo bokosi limodzi latsopano likwana. Ndipo muone m'malamba a anzanu pa lojipo, mwina ena akuyenda ndi zomwezo osadziwa.

Wa ku Hoedspruit:
Ndaona lamba wa mnzanga amene amatsogolera trail ya mawa. Zitatu mwa zisanu ndi za m'mabokosi omwewo. Abwana apita ku tauni, foni sakuyankha. Ndimuuza mnzangayo tikamadya.

Wa ku Hwange:
Muuzeni pompano, osadikira nsima. Pa nkhani yomweyi, alipo akudziwa gunsmith ku Bulawayo kapena ku Polokwane amene amaboola 602 kukhala Lott n'kukonzanso feeding? Yanga chachitatu chimakwera mopendama ndikakoka bolt mwamphamvu.

Madala a ku Phalaborwa:
Imeneyonso ndi spring, ya m'magazini. Bambo uja akanakhala moyo akanakukonzerani tsiku limodzi. A ku Hoedspruit, mabokosi opanda kanthuwo musataye, mundisungireko limodzi la chidindo chofiira.