Seva ikuuma magetsi akathima koma CPU ili phee: ndani wagwira loko mu kernel?

Bembeke_IT

Akuluakulu, ndithandizeni. Pa ofesi yathu pano pa Dedza boma pali seva ya Ubuntu 22.04, kernel 5.15, ma core 8, RAM 16 GB. Imayendetsa pulogalamu ya Java ndi PostgreSQL. Mafayilo ena a pulogalamuyo amakhala pa NAS (makina osungira mafayilo pa netiweki) ya m'chipinda china, timaifikira kudzera pa NFS (njira yofikira mafayilo a pa makina ena ngati ali pa disiki yanu). Seva ili pa UPS, mabatire osunga magetsi.

Magetsi akathima, seva siizima, koma pakangopita mphindi zochepa imauma. Ping ikuyankha, SSH ndikulowa, koma ndikalemba `ps aux` basi zathera pomwepo. Load average imakwera mpaka kupitirira 60 pomwe CPU ikungokhala, idle 95%. Mu dmesg, momwe kernel imalemba mauthenga ake, muli izi kangapo:

`INFO: task java:2417 blocked for more than 120 seconds.`

ndipo pansi pake `rwsem_down_read_slowpath`, `down_read`, `do_user_addr_fault`. Anzanga akuti ndi bug ya kernel, ndisinthe kernel. Ndiyambire pati?

Lizulu_Linux

Achimwene, kernel isiyeni kaye. Zomwe mwalembazi zatiuza kale zambiri.

CPU ikungokhala, ndiye si spinlock. Spinlock imadya CPU chifukwa oidikira amangozungulira osagona. Apa odikirawo agona, ndipo Linux imawerengera mu load average aliyense amene ali mu state D (wogona podikira disiki, netiweki kapena loko), n'chifukwa chake mukuona 60 pa makina opanda ntchito. Loko yomwe akudikira ndi `mmap_lock`, ya mtundu wa rw_semaphore, imodzi pa process iliyonse. Kale, kernel 5.8 isanabwere, inkatchedwa `mmap_sem`, ndiye mukamafufuza pa intaneti yesani maina onse awiri. Pa 5.15 thread iliyonse ya Java ikapeza page fault (ikakhudza memory yomwe kernel sinaikonzebe) imayenera kuitenga ngati wowerenga. Wina akaigwira ngati wolemba n'kugona nayo, ma thread onse a process imeneyo amaima mmodzimmodzi. `ps aux` nayo imakodwa pomwepo poti imawerenga `/proc/PID/cmdline`, ndipo kuwerenga kumeneko kumafuna loko yomweyo.

Tsono chachikulu ndi ichi: omwe akutuluka mu dmesg ndi odikira chabe. Zili ngati pa mjigo, mzere wa zidebe watalika, koma wolakwa sali pamzerepo, ndi uja wapita kumsika ndi kiyi m'thumba. Ndipo wogwira lokoyo mwina sangaoneke n'komwe mu uthenga wa masekondi 120. Mlonda wa hung task, amene amatulutsa uthengawo, amangonena za omwe agona tulo tosadzutsika konse. Amene akudikira NFS amagona mu TASK_KILLABLE, tulo tomwe `kill -9` ikhoza kudula, pa `ps` amaoneka D yemweyo, koma mlondayo amawadumpha. Komanso uthengawo umasiya kutuluka ukakwana ka 10, malinga ndi `kernel.hung_task_warnings`.

Ikaumanso, musathamangire batani la reset. Muli root lembani:

`echo w > /proc/sysrq-trigger`
`dmesg -T > /root/wauma.txt`

`w` imatulutsa stack (mndandanda wa ma function oonetsa pomwe thread yaima) ya aliyense wa state D, a killable omwe. Kulemba ku `/proc/sysrq-trigger` kumagwira ngakhale `kernel.sysrq` ili pa 176 monga Ubuntu imabwerera. Nambala imeneyo imangoletsa za pa kiyibodi. Ma thread akachuluka, buffer ya dmesg imadzaza n'kufufuta zoyamba, choncho onjezani `log_buf_len=4M` mu GRUB zisanachitike. M'malo mwa `ps`, gwiritsani `grep -l "State:.*D" /proc/2417/task/*/status` (pa 2417 ikani nambala ya java yomwe ili mu dmesg nthawi imeneyo), kenako `cat` fayilo ya `stack` ya thread iliyonse yatulukayo. Ambiri adzakhala ndi stack yofanana. Funani mmodzi wosiyana ndi anzake, wopanda `rwsem_down` pamwamba pake.

Funso langa: NAS ija ndi switch yake zili pa UPS?

Tsangano_sys

Ndikugwirizana ndi a Lizulu. Ndingoonjezera za tsiku lomwe SSH nayo idzakane, poti zimachitika systemd kapena sshd ikakhudza njira ya NFS.

Ikani `linux-crashdump`, yomwe imabweretsa kdump yosunga zonse za mu RAM mu fayilo (dump) kernel ikagwa, yambitsaninso makina, ndipo `kdump-config show` inene kuti ready to kdump. Iyeseni Loweruka anthu kulibe ndi `echo c > /proc/sysrq-trigger`, yomwe imagwetsa kernel dala, muone ngati dump yagwa mu `/var/crash`. Kdump yosayesedwa imakonda kulephera chifukwa `crashkernel=` yapatsidwa RAM yochepa. Onetsetsaninso kuti `/var/crash` ili pa disiki ya m'makina momwemo, osati pa NAS yomwe tikuikayikirayi. Kuti Alt+SysRq+c igwire pa kiyibodi, ikani `kernel.sysrq=1`.

Dump ikapezeka, mufunika vmlinux ya dbgsym yofanana ndendende ndi `uname -r`. Mu `crash`, pulogalamu yowerengera dump, `foreach UN bt` ikupatsani ma stack onse, `ps -m` ikuonetsani amene wagona nthawi yaitali kuposa onse, ndipo kawirikawiri ameneyo ndiye anayambitsa mzere. Kenako `task 2417` kuti mupeze adiresi ya `mm`, ndi `struct mm_struct.mmap_lock` pa adiresiyo. Onani `owner`. Ma bit otsikitsitsa ndi ma flag. Bit 0 ikakhala 0, loko ili ndi wolemba ndipo chotsalacho ndi adiresi ya task_struct yake, mutha kuipereka kwa `bt`. Bit 0 ikakhala 1, ili ndi owerenga, ndipo adiresiyo ndi ya wowerenga amene anaitenga pomaliza, yemwe mwina anaisiya kale. Apa ambiri amanamizira wosalakwa.

Ngati pali laputopu pafupi, netconsole ndi yotsika mtengo: imatumiza dmesg pa UDP, port 6666 mukapanda kusintha, ndipo laputopu imangomvera ndi `nc -u -l 6666`. Koma switch ikathima ndi magetsi, netconsole yathimanso.

Bembeke_IT

Zikomo akuluakulu. NAS ili pa soketi wamba, switch ndiyo ili pa UPS. Ndazimitsa NAS dala masana ano, seva yauma momwemo. `w` yatulutsa ma thread ambirimbiri pa `down_read`, koma imodzi ili ndi `rpc_wait_bit_killable` pamwamba, pansi pake `nfs_file_mmap`, `mmap_region`, `vm_mmap_pgoff`. Chakumtunda mu dmesg mulinso `nfs: server not responding, still trying`. Ndiike `soft` mu fstab, kuti NFS izisiya kudikira NAS ikakhala chete?

MayiWaSeva_Ntcheu

Mwamupeza, ndi ameneyo. Thread ija inaitana `mmap()` pa fayilo ya pa NAS. Kernel inatenga `mmap_lock` ngati wolemba, kenako NFS inafuna kufunsa NAS ngati fayilo yasintha. NAS ili chete, mount ndi `hard`, ndiye funsolo limangobwerezedwa mpaka kalekale, loko ili m'manja. Si deadlock yeniyeni, chifukwa NAS ikayaka zonse zimamasuka zokha. Yesani muone. Mukafuna kumasula msanga, `kill -9 2417` igwira poti wogwirayo ali killable. Akafa, loko imasiyidwa ndipo enawo amatuluka. Zikatero `umount -f`, ikakana `umount -l`.

Za `soft` ine ndikuti ayi, achimwene, pa malo omwe pulogalamu imalembapo. Pa TCP, `timeo` imabwera ili 600, kutanthauza masekondi 60, ndipo `retrans` ndi 2. Ndi `soft`, nthawiyo ikatha pulogalamu imalandira EIO, yankho loti kuwerenga kapena kulemba kwalephera. Pa `write()` wamba pulogalamu yolembedwa bwino ikhoza kuzindikira. Pa fayilo ya mmap palibe yankho loti pulogalamu iwerenge: page ikalephera kubwera imalandira SIGBUS, signal yomwe imagwetsa pulogalamu, ndipo zolembedwa zomwe zinali zisanafike pa NAS zikhoza kutayika mwakachetechete. Mudzasinthanitsa kuuma komwe mukukuona ndi mafayilo owonongeka omwe mudzawaone kumapeto kwa mwezi.

Chotsani pa NFS chilichonse chomwe Java imachita mmap, monga ma jar ndi ma index, mubweretse pa disiki ya seva. `grep nfs /proc/mounts` ikupatsani njira yake, ndipo `grep` njirayo mu `/proc/PID/maps` makina ali bwino ikuonetsani mafayilo enieniwo. NAS itsale ya backup yokha, ndi `rsync` pa SSH, `--timeout=120`, kuti NAS ikathima rsync ife yokha popanda kugwira loko ya wina. Ndipo kokerani chingwe cha NAS ku UPS, mutawerengera kaye ngati mabatire angakwanitse zonse ziwiri.

Lizulu_Linux

Amayi anena zoona pa `soft`. Pa zosintha kernel ndinene pang'ono, poti anzanu sanalakwitse kwathunthu. Kuyambira 6.4 pali per-VMA lock, loko ya chigawo chilichonse cha memory payokha, ndipo page fault zambiri sizidikiranso `mmap_lock`. Mukaika HWE kernel ya 22.04, yomwe ndi 6.8, ma thread ambiri apitiriza kugwira ntchito kwakanthawi. Koma aliyense woitana `mmap()` kapena `munmap()` aimabe, ndipo JVM, yomwe imayendetsa Java, imachita zimenezi pafupipafupi. Kuumako kungochedwa.

Phindu lenileni la 6.8 ndi zida. Tsiku lina mukadzaona chosiyana ndi ichi, %sys pa 80 kapena 90, dmesg ikunena `soft lockup - CPU#3 stuck for 22s`, ndiye spinlock. Apo `w` siithandiza, mufuna `l`, yomwe imatulutsa stack ya CPU iliyonse yomwe ikugwira ntchito. `perf top` idzaonetsa `native_queued_spin_lock_slowpath` pamwamba, koma dzinalo limangonena kuti pali mzere, silinena loko yake. `perf record -a -g -- sleep 10` ndi `perf report --no-children` zikuonetsani woitana. Ngati perf yanu inamangidwa ndi BPF, `perf lock contention -ab -- sleep 10` imakupatsani nthawi yodikira pa malo aliwonse popanda kumanganso kernel. Ma tracepoint ake analowa mu 5.19, ndiye pa 5.15 kulibe. `/proc/lock_stat` ndi lockdep zimafuna kernel yomangidwa mwapadera ndipo zimachedwetsa makina, choncho ziikeni pa kompyuta yoyesera, osati pa seva ya ofesi.